Mpweya wa ku Lichinga ndi Utsi Wakuda wa Magalimoto Athu

Amisiri a m'magaraja athu, madalaivala a machapa ndi malole, anyamata a njinga zamoto, ndi inu achinyamata amene mukuphunzira umakaniko, zikomo kuti mwasiya masipanala ndi mizere yanu ya pasiteji n'kubwera kudzakhala pano. Ena mwa inu munayamba kumasula injini ine ndisanadziwe n'komwe kumene oyilo amathiridwira, ndipo mumatha kutchula chimene chavuta pongomva galimoto ikulira kuseri kwa mpanda. Choncho zomanga mabawuti ndikusiyirani eni ake. Ine ndabwera ndi funso limodzi limene limazungulira m'magaraja a mzinda uno chaka ndi chaka: n'chifukwa chiyani galimoto imene imakoka bwinobwino ku Nacala kapena ku Metangula imalefuka ikafika kuno, n'kuyamba kufuka utsi wakuda?

Mayankho ake ndimawamva. Ena amati mafuta a kuno ndi osakaniza, ena amati pampu yatha, ena amangoti galimotoyo yakalamba. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma ngakhale mutatenga galimoto yatsopano, n'kuithira mafuta oyera, vutolo silitheratu, chifukwa gwero lake ndi malo amene tikukhalawa. Lichinga ili pamwamba, mamita opitirira pang'ono 1,350 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Madzi a nyanja yathu ku Metangula ali pa mamita pafupifupi 470. Ndiye kuti chapa imene yanyamula anthu ndi madengu a usipa ku Metangula imakwera mamita pafupifupi 900 pa ulendo wa makilomita ongopitirira pang'ono 100, ndipo lole yochokera ku doko la Nacala imakwera onse 1,350 aja. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka. Ku Nacala mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya makilopasikalo 101. Kuno ndi pafupifupi 86. Lita imodzi ya mpweya wa ku Lichinga ili ndi okosijeni wocheperako ndi magawo 12 kapena 13 pa 100 alionse poyerekeza ndi lita ya mpweya wa kugombe. Mapapo athu anazolowera. Injini sizolowera.

Tiyambe ndi moto weniweniwo. Petulo ndi dizilo onse ndi mafuta opangidwa ndi zinthu ziwiri, kaboni ndi haidirojeni. Paokha sangayake, amafuna okosijeni, amene ndi magawo 21 okha pa 100 a mpweya umene timapuma. Mbali yaikulu yotsalayo ndi naitirojeni, amene amangolowa mu injini n'kutulukanso atatenthedwa. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikaziika m'malita, zimene timagulira pa pampu, lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 9,000 kugombe, ndipo kuno imafuna opitirira 10,000, poti mpweya wathu ndi wopepuka. Taganizirani chiwerengero chimenecho mukamathira malita 40 m'thanki. Mafuta timawaona, timawalipira, timawadandaula mtengo ukakwera. Mpweya ndi waulere ndipo suoneka, n'chifukwa chake timauiwala, chonsecho ndiwo umaika malire a mphamvu ya injini. Kuwonjezera mafuta mu silinda n'kosavuta, ngakhale mwana wa sikuludiraiva akhoza kutero. Chovuta, chimene akatswiri alimbana nacho zaka zoposa 100, ndi kulowetsamo mpweya wokwanira.

Mafuta akapsa bwino, zotsala zake zimakhala ziwiri: mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi madzi. Lita ya petulo imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a kaboni dayokisaidi ndi madzi okwana pafupifupi lita imodzi, monga nthunzi. Ndiye mukaona ekizozi ikudontha madzi ndi kutulutsa kautsi koyera m'mawa wa mwezi wa June, n'kusiya injini ikatentha, musathamangire kumasula hedi. Gasiketi ilibe mlandu. Ndi nthunzi imene yakumana ndi paipi yozizira. Koma mpweya ukaperewera, moto umasiya zina: mwaye, umene ndi kaboni wosapsa, ndi kaboni monokisaidi, mpweya wopanda fungo umene umapha. Pano ndipatuke pang'ono. Mpweya wakuphawu ndi womwewo umene umachokera pa mbaula ya makala m'chipinda chotseka mazenera, ndipo inu mukudziwa mmene usiku wa kuno umazizirira. Musalize injini m'garaja yotseka, ndipo musagone ndi mbaula.

Nanga motowo umayendetsa bwanji matayala? Injini za pafupifupi magalimoto onse amene ali mumsewumu zimatsata njira imene Nikolaus Otto anaikhazikitsa ku Germany m'chaka cha 1876. Pisitoni imatsika vavu yolowetsa ili yotsegula, n'kukoka mpweya. Kenaka mavavu onse amatsekeka, pisitoni n'kukwera, kupanikiza mpweyawo m'kamalo kakang'ono pamwamba. Pamenepo moto umabuka, mpweya wotenthawo umafutukuka n'kukankha pisitoni pansi, ndipo kirankishafiti imasandutsa kukankhako kukhala kuzungulira. Pomaliza pisitoni imakweranso, vavu yotulutsa itatseguka, n'kukankhira utsi kunja. Pa maulendo anayi amenewa, umodzi wokha ndiwo umabala mphamvu. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, silinda iliyonse imayaka ka 25 pa sekondi imodzi. Ndipo pa mphamvu yonse imene ili m'mafuta, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, kapena kucheperapo, ndilo limafika ku matayala. Lina limatayikira ku rediyeta, lina limathawira ku ekizozi. Gawo la ku ekizozilo mulisunge m'mutu, tilifuna kutsogoloku.

Onani bwino ulendo woyamba uja. Timati pisitoni imakoka mpweya, koma kwenikweni imangosiya malo, ndipo mpweya wakunja ndiwo umadzikankhira mkati ndi kulemera kwake. Kumene mpweya ukupanikiza pang'ono, wolowanso umakhala wochepa. Silinda ya theka la lita imadzaza theka la lita ku Nacala ndi ku Lichinga komwe, koma cholowamo sichilemera mofanana. Akatswiri amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya mphamvu yokwana magawo atatu pa 100 pa mamita 300 alionse amene yakwera. Werengani nokha. Galimoto imene buku lake limati ili ndi mphamvu ya akavalo 100, kuno ili ndi akavalo 86 kapena 87. Enawo anatsalira m'njira, ndipo palibe makaniko amene angawabweze ndi sipanala.

Petulo ndi dizilo amakumana ndi vutoli mosiyana, chifukwa amayaka mosiyana. Mu injini ya petulo, mafuta ndi mpweya zimasakanizidwa kaye, zimapanikizidwa pafupifupi ka 10, kenaka pulagi imathetheka, moto n'kuyambira pa pulagipo kufalikira mbali zonse. Chofunika apa n'chakuti petulo adikire pulagi. Akapanda kudikira, gawo lina la msakanizowo n'kuphulika lokha chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika, mumamva kugogoda kuja, makamaka pa chitunda muli pa giya yaikulu. Kugogoda kumeneko kumaswa maring'i ndi kuboola pisitoni. Nambala ya octane, 93 kapena 95, imayeza kupirira kwa petulo asanaphulike yekha. Siyeza mphamvu; petulo wa 95 alibe mphamvu yoposa wa 93. Abale athu amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg akumbukira kuti kumeneko amagulitsa 93 ndi 95, pamene ku Durban ndi ku Cape Town kuli 95. Chifukwa chake ndi chomwechi tikukambachi: Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wolowa mu silinda ndi wochepa, kupanikizika kumachepa, ndipo petulo wa nambala yotsika amakwanira kwa injini yopanda turbo. Ndiye kukhala pamwamba kuli ndi kaubwino kake kamodzi. Koma wosakaniza parafini m'petulo amatsitsa octane kwambiri moti ngakhale phiri silingamupulumutse.

Kale, pofuna kukweza octane, makampani ankathira mtovu m'petulo. Njirayi inatulukiridwa ndi Thomas Midgley ku General Motors m'chaka cha 1921, ndipo kwa zaka makumi ambiri ana a m'mizinda ya dziko lonse ankapuma mtovu umene umawononga ubongo. Maiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021. Ndatchula izi chifukwa ndimamvabe akuluakulu ena akuti petulo wakale uja ndiye anali weniweni. Injini zina zakale zinkamukondadi. Magazi a ana athu sankamukonda.

Inu a njinga zamoto, iyi ndi yanu. Njinga zambiri zimene mumayendera zili ndi kabuleta, ndipo kabuleta sidziwa kuti yakwera phiri. Kabowo kake kothira petulo kanayezedwa poganizira mpweya wa kugombe. Kuno imapitiriza kuthira pafupifupi mofanana, mpweya uli wochepa, ndiye msakanizo umachuluka mafuta. Zizindikiro mukuzidziwa: pulagi yakuda ndi mwaye, fungo la petulo ku ekizozi, thanki yosachedwa kutha. Mankhwala ake ndi kuchepetsako mafuta, mwa kutsitsa singano ya kabuleta kapena kuika jeti yocheperako pang'ono, koma mosamala, chifukwa njinga imene mwaichepetsera kwambiri idzatentha ikatsikira ku nyanja. Magalimoto a petulo a masiku ano ali ndi kompyuta, ndi masensa amene amayeza mpweya wolowa ndi okosijeni wotsala mu utsi, ndiye amadzikonzera okha msakanizo. Sangafuke ngati kabuleta. Koma kompyuta ikapeza mpweya wochepa, chimene ingachite ndi kuchepetsa mafuta basi. Mphamvu imatsikabe.

Tsopano dizilo, amene ndiye amanyamula chimanga, nyemba, mbatata ndi matabwa a chigawo chino. Rudolf Diesel anaonetsa injini yake yogwira ntchito mu 1897 ku Augsburg. Injini yake ilibe pulagi yothetheka. Imakoka mpweya wokhawokha, n'kuupanikiza ka 16 mpaka ka 22, ndipo mpweya ukapanikizidwa chotero umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo injekita imapopera dizilo ngati nkhungu, ndipo dontho lililonse limayaka lokha. Petulo timafuna adikire. Dizilo timafuna ayake msanga, ndipo nambala yake yoyezera zimenezo ndi cetane. Mukuona chifukwa chake kuthira petulo mu injini ya dizilo, kapena dizilo mu ya petulo, kumabweretsa maliro m'garaja.

Izi zikufotokozanso za m'mawa wa June ndi July. Mpweya ndi wopepuka, chitsulo cha injini chazizira usiku wonse ndipo chikumeza kutentha, batire nayo yafooka ndi chisanu. Kutentha kwa mu silinda sikufika msanga poyatsira dizilo. Mapulagi otenthetsa a injini ya dizilo anaikidwira zimenezi. Awiri akafa pa anayi, ku Cuamba galimoto idzalirabe, mwini wake osadziwa kanthu. Kuno idzafuna anyamata okankha.

Mu injini ya dizilo, mukaponda faya simutsegula njira ya mpweya, mumangowonjezera mafuta. Mpweya umalowa wofanana nthawi zonse, ndipo popeza dizilo alibe nthawi yosakanikirana bwino ndi mpweya, injini imeneyi imafuna mpweya wochuluka kuposa umene masamu aja amanena. Mafuta akapyola malire a mpweya umene ulipo, otsalawo sapsa, amasanduka mwaye. Utsi wakuda ndi umenewo: dizilo amene munalipira ndi ndalama zanu, akutuluka ku ekizozi asanagwire ntchito. Pampu imene inayezedwa bwino kugombe imakhala kale pafupi ndi malire. Ikafika kuno, malirewo atsika, pampu sinasinthe.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Dalaivala amabwera n'kuti, "Amisiri, galimotoyi sikukoka, tatsegulaniko pampu." Makaniko amapotokola kasikulu ka mafuta, galimoto imalira mwaukali, ndipo dalaivala amachoka akumwetulira. Sindikana kuti kamphamvu pang'ono kamawonjezeka. Koma mtengo wake ndi wotani? Mafuta ochulukawo amapitiriza kuyaka mochedwa, vavu yotulutsa itatseguka kale, ndipo utsi umatuluka wotentha kuposa mmene hedi, mavavu ndi mapisitoni anapangidwira. Mwaye umatsikira mu oyilo n'kuyamba kupala zitsulo. Pakapita miyezi, hedi yang'aluka, ndipo mlandu umagwera opanga galimoto. Opangawo anachita zosiyana ndi zimenezi: pa mapampu ena a injini zopanda turbo, Toyota inaika kachipangizo kamene kamamva kupepuka kwa mpweya n'kuchepetsa mafuta galimoto ikakwera. Galimoto yofuka kuno imafuna muyambe mwayang'ana fyuluta ya mpweya, mainjekita ndi nthawi yopoperera, ndipo ngati pampu ikhudzidwa, ikhudzidwe pochepetsa. Pa chitunda, tsitsani giya injini izungulire momasuka, m'malo moponda faya mpaka pansi pa giya yaikulu utsi uli tolotolo kumbuyo.

Pa kutentha pomwepa, pali chinanso chimene phiri limachita. Madzi amawira pa madigiri 100 kugombe, koma kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95. Chimene chimaletsa madzi a mu injini kuwira ndi chitsekero cha rediyeta, chimene chimasunga kupanikizika mkati. Chitsekero chotha mphira, kapena chomangidwa ndi pulasitiki ndi chingwe monga ndimaonera pa machapa ena, chimasiya madzi kuti awire pa 95, pamene injini yokwera ndi katundu imafika pamenepo mosavuta. Mpweya wopepuka umaziziritsanso rediyeta mofooka. Chitsekero n'chotsika mtengo kuposa gasiketi. Ndipo mwambo wochotsa thermostat, umene tinatengera kwa anzathu a kumadera otentha, kuno ulibe phindu: injini imakhala yozizira nthawi yaitali m'mawa, imadya mafuta ambiri, ndipo imatha msanga.

Ngati vuto ndi kuchepa kwa mpweya, bwanji osaukankhira mkati? Osula makasu anayankha funso limeneli kalekale. Makala ndi omwewo, koma wosula akagwira mvukuto moto umayera n'kufewetsa chitsulo, chifukwa walowetsa mpweya wambiri pa malo omwewo. Turbo ndi supercharger ndi mvukuto wa injini. Ndipo mbiri yake inayambiradi ku ng'anjo: abale awiri a banja la Roots ku Indiana, m'dziko la America, analembetsa mu 1860 makina opopa mpweya amene ankagwiritsidwa ntchito m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo pambuyo pake makina a mtundu womwewo anaikidwa pa injini. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku kirankishafiti. Ubwino wake ndi wakuti imayankha nthawi yomweyo. Kuipa kwake ndi kwakuti imadya gawo la mphamvu imene ikuthandiza kupanga. Ma Mercedes-Benz akale olembedwa Kompressor kumbuyo ali ndi chimenechi. Kuno n'zosowa, ndiye tisatayepo nthawi.

Turbo ndiyo yathu. Mukukumbukira gawo lija la mphamvu lothawira ku ekizozi? Mswisi wina, Alfred Büchi, analembetsa mu 1905 nzeru yoligwiritsa ntchito. Utsi wotentha, usanatuluke, umadutsa pa kagudumu ka mapiko n'kukazunguza. Kagudumuko kali pa mtengo umodzi ndi kena ka mbali ya mpweya woyera, kamene kamakoka mpweya kuchokera ku fyuluta n'kuupanikizira ku masilinda. Mpweya wambiri umalola mafuta ambiri kupsa bwino, ndiye injini yaing'ono imagwira ntchito ya yaikulu. Umboni woyamba waukulu unapezeka paphiri. Mu 1918, Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakweza injini ya ndege yotchedwa Liberty pamwamba pa Pikes Peak ku Colorado, mamita pafupifupi 4,300. Injiniyo, imene kugombe inkapereka akavalo pafupifupi 350, kumeneko inatsika kufika pa 230. Ataiika turbo, inabwerera pa 356. Ndiye chipangizochi chinakulira pa vuto lathu lomweli, ngakhale kuti magalimoto ang'onoang'ono anachilandira mochedwa: a petulo oyamba anatuluka ku America mu 1962, ndipo Mercedes-Benz 300 SD ya dizilo inabwera mu 1978. Lero pafupifupi malole akuluakulu onse ali nacho, ndi injini za sitima zokoka malasha kuchokera ku Moatize kudutsa pa Cuamba.

Chitsanzo chili pabwalo lathu lomweli. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, malita 4.2, masilinda 6, yopanda turbo, imapereka akavalo pafupifupi 130 kugombe. Mbale wake 1HD-T, kukula komweko koma ya turbo, imapereka opitirira 160. Kuno kusiyanako kumakula, chifukwa 1HZ imataya gawo lake pokwera, pamene ya turbo imataya pang'ono chabe.

Zinthu ziwiri zimayenda ndi turbo. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye tikhoza kutaya ndi dzanja lamanzere zimene tapeza ndi lamanja. Intercooler, karediyeta kamene kali kutsogolo kapena pamwamba pa injini, kamaziziritsa mpweyawo usanalowe. Kakatsekeka ndi matope ndi udzu, kapena paipi yake ikang'ambika, galimoto imalira mluzu, imafooka ndi kufuka, ndipo ambiri agula turbo yatsopano pamene vuto linali kabandi komasuka. Chachiwiri ndi wastegate, kachitseko kamene kamapatutsa utsi wina kuti turbo isapanikize mopyola. Pali anyamata amene amakamanga ndi waya kuti galimoto ikoke. Dziwani kuti turbo ya galimoto yaing'ono imazungulira kupitirira ka 150,000 pa mphindi, ndipo kuno imazungulira kale mofulumira kuposa kugombe, chifukwa ikuyambira pa mpweya wopepuka kuti ifikire mlingo womwewo. Malo otsala oti muwonjezerepo ndi ochepa kuposa mmene mukuganizira. Ma Hilux a D-4D ena ndi magalimoto ambiri atsopano a dizilo ali ndi timapiko tosuntha m'malo mwa kachitseko, ndipo timapikoto timagwidwa ndi mwaye galimoto ikamangoyendayenda pang'onopang'ono m'tauni osatentha mokwanira.

Mtengo wa turbo sukhudza chitsulo china. Umayandama pa oyilo wopyapyala kwambiri. Oyilo akachedwa kufika, akada kapena akapsa, turbo imatha msanga. Apa pali makhalidwe awiri amene ndimawaona tsiku ndi tsiku pa siteji. Loyamba ndi kuliza injini m'mawa n'kuponda faya nthawi yomweyo kuti itenthe msanga, oyilo wozizira asanakwere. Lachiwiri ndi kufika kuchokera pa chitunda, turbo ili yofiira, n'kuzimitsa pomwepo. Pampu ya oyilo imaima, oyilo wotsala pa mtengo uja amapsa n'kusanduka makala, ndipo mawa lake makalawo amapala mabeyaring'i. Mphindi imodzi kapena ziwiri injini ikulira galimoto itaima n'zokwanira. Kenaka fumbi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, fumbi lofiira la misewu ya ku maboma limatseka fyuluta msanga kuposa mmene buku lolembedwa ku Japan limanenera. Fyuluta yotsekeka imachepetsanso mpweya umene ndi wochepa kale. Yoboola, kapena yochotsedwa kuti galimoto ipume, imalola mchenga kumenya mapiko ozungulira pa liwiro lija. Kuipopa ndi kompuresa yamphamvu kumang'amba pepala lake m'timabowo tosaoneka.

Chimodzi choopsa ndichitchule, poti chimachitika. Turbo ikatha, oyilo akhoza kudutsa n'kulowa m'masilinda pamodzi ndi mpweya, ndipo injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wakeyo. Imayamba kuthamanga yokha, utsi wambiri, ndipo kuchotsa kiyi sikuthandiza chifukwa sikudyanso za m'thanki. Ngati ndi ya giya yamanja, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yaikulu kwambiri, n'kusiya kilatchi kuti izime. Apo ayi, tsekani polowera mpweya ndi thabwa kapena chinthu cholimba, osati dzanja kapena kansanza. Zikakanika, chotsani anthu pafupi.

Nditsirize ndi mafuta enieniwo, poti sindinawachotsere mlandu wonse. Dziko lathu limagula petulo ndi dizilo kunja kudzera ku kampani ya Imopetro, ndipo a kumpoto kuno amatsikira pa doko la Nacala asanayambe ulendo wautali wopita ku Cuamba ndi kuno. Mu 2017 Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe zinasamukira ku dizilo wa sulufule wochepa, wosapyola magawo 50 pa miliyoni, zimene zinathandiza injini zatsopano ndi mapapo athu. Vuto lalikulu limayambira pamene mafuta achoka pa pampu n'kulowa m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Sindinyoza ogulitsawo, kopanda iwo, njinga za kumidzi yakutali sizikanayenda. Koma mgolo umene umatentha masana n'kuzizira usiku umachita thukuta mkati, madzi n'kukhala pansi, dzimbiri n'kuyamba. Pampu yakale ya injini za 1HZ kapena 5L imapirirako. Injini za common rail, zimene zinayamba pa malole a Hino mu 1995 ndi pa Alfa Romeo 156 mu 1997, zimapopera dizilo pa mphamvu ya mabaa 1,600 mpaka kupitirira 2,000, kudzera m'timabowo topyapyala ngati tsitsi kapena kuposerapo pang'ono. Dizilo yemweyo ndiye amafewetsa pampu ndi mainjekita. Madzi ndi parafini sizifewetsa. Kabotolo kogwira madzi pansi pa fyuluta ya dizilo kakhuthulidwe nthawi ndi nthawi, nyali yake isanayake. Inu owoloka pa Mandimba kupita ku Chiponde, kumbukiraninso kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, kuyambira pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa mu 1982. Ethanol amakweza octane, koma ali ndi mphamvu yocheperako pa lita, amakoka chinyezi, ndipo amadya mapaipi a mphira akale. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siona vuto. Njinga kapena jenereta yosungidwa miyezi ndi petulo ameneyu m'kabuleta ndiyo imavutika.

Funso limene ndikudziwa kuti lili pakamwa pa ambiri ndi lakuti: ndiye tigule iti, ya turbo kapena yopanda? Ine ndimayang'ana kumene galimotoyo idzagona. Ngati ntchito yake ndi msewu wa N13, Lichinga, Mandimba, Cuamba, kumene mafuta amachokera pa pampu ndipo makaniko wa kompyuta ali pafupi, tengani ya turbo. Pa mtunda uno imakoka bwino, imafuka pang'ono, ndipo imadya mafuta ochepa pa katundu yemweyo. Ngati ikupita ku Mavago, ku Mecula kapena ku Cóbuè, n'kumakhala masabata ikumwa za m'migolo, injini yakale yopanda turbo ikadali ndi malo ake, bola mwini wake avomereze kuti pa chitunda idzayenda pang'onopang'ono, achepetse katundu, ndipo asalole munthu kukhudza kasikulu ka pampu. Kumangirira turbo ya kumsika pa 1HZ kapena 5L sindikulimbikitsa, pokhapokha pali geji yoyeza kutentha kwa utsi ndi munthu wodziwa kuyeza pampu, chifukwa mapisitoni a injini zimenezi sanapangidwire kutentha kumeneko, ndipo 1HZ imapanikiza kale kupitirira ka 22. Panja paja pali turbo yomasula ndi mainjekita awiri, imodzi yabwino ndi ina yodyedwa ndi madzi. Amene mukufuna kuzigwira ndi manja, tikumane kumeneko tikatha mafunso.